KAMWALA KA KU UR NDI CHALA CHA KU MAKWASA

Munthu aliyense amene adagwirako ntchito m'minda ya tiyi ya ku Makwasa, kapena m'minda ina ya m'boma la Thyolo, amachidziŵa chidindo. Makolo athu akagwira ntchito ya tsiku, kapitao ankachonga pa tikiti. Tikitiyo ikadzaza ankaima pa mzere pa zenera la kalaliki, ndipo amene sankadziŵa kulemba dzina lake ankapaka inki chala chachikulu, nadinda m'buku la malipiro. Tiyi nayenso sankachoka m'fakitale wopanda chizindikiro. Bokosi lililonse linkalembedwa dzina la munda, mtundu wa tiyi ndi kulemera kwake, kuti wogula ku Limbe kapena ku London adziŵe kumene wachokera. Lero tiyi amapakidwa m'matumba a mapepala, koma chizindikiro chija chidakalipo. Kalata ya kwa mfumu, kalata ya ukwati, kalata ya dokotala wa ku Malamulo, zonsezi timazikhulupirira tikaona chidindo pansi pake.

Ambiri a ife timaganiza kuti chidindo chidayamba ndi Azungu pamodzi ndi msonkho. Kuno kwathu chidafala nthaŵi imeneyo ndithu, komatu chidindo n'chakale kuposa maufumu onse a ku Ulaya, ndiponso n'chakale kuposa kulemba kumene. Mwezi uno tikufuna tiyende nanu, aŵerengi, ulendo wa ku dziko limene Abrahamu adachokera, pakuti zimene anthu a kumeneko adazindikira za chidindo zaka 5,000 zapitazo zikutikhudza ife lero lomwe.

Dziko la dongo ndi bango

Dziko la Sumer linali kummwera kwa dziko limene tsopano likutchedwa Iraq, pakati pa mitsinje iŵiri ikuluikulu, Tigris ndi Euphrates. Linali chigwa chotentha ndi chathyathyathya, chofanana pang'ono ndi chigwa cha Shire chimene timachiona tikaima m'mphepete mwa mapiri athu a Thyolo. Miyala ndi mitengo zinali zosoŵa, koma dongo ndi bango zinali paliponse. Anthu a kumeneko adakumba ngalande zothirira minda, nalima barele ndi kanjedza, naŵeta nkhosa ndi ng'ombe, namanga mizinda ya njerwa monga Uruk, Nippur, Umma ndi Ur, umene Baibulo limautchula Uri wa kwa Akaldayo.

Mizinda itakula, zokolola zidayamba kusonkhanitsidwa m'nkhokwe zazikulu za akachisi ndi za mafumu. Apa mpamene padabuka vuto limene kalaliki aliyense wa pa esiteti angalimvetse. Mtsuko wa mafuta ukachoka kumudzi kupita mumzinda, wolandira adziŵa bwanji kuti wamtengatenga sadapunguleko panjira? Nkhokwe ikapezeka yopereŵera, adaitsekula komaliza ndani? Pamudzi waung'ono anthu amadziŵana nkhope, ndipo mau a pakamwa amakwana. Mumzinda wa anthu masauzande ambiri nkhope sizidziŵika, tsono pafunika chinthu china choimira munthu pamene mwini wake palibe.

Zidindo zodinda mopsinja, zonga zimene tili nazo m'maofesi, zinalipo kale m'madera a kumpoto. Koma cha m'ma 3500 Khristu asanabadwe, ku Uruk ndi ku Susa, mzinda wa m'dziko limene lero ndi Iran, amisiri adapanga chidindo cha mtundu wina: chidindo chogubuduza.

Kamwala koboola pakati

Tiyerekeze kachidutswa ka bango kotalika ngati mfundo imodzi kapena ziŵiri za chala, koma kopangidwa ndi mwala. Zambiri zinali zotalika masentimita 2 kapena 3 okha. Mmisiri ankaboola kamwalako pakati, kuchokera kumutu mpaka kunsi, kuti mwini wake apisemo chingwe ndi kuvala m'khosi kapena pamkono ngati mkanda, kapena kumangirira ku chovala. Kuzungulira thupi lonse la kamwalako ankagoba zithunzi. Munthu akagubuduza kamwalako pa dongo lofeŵa, zithunzi zija zinkatuluka zotukuka, mzere wosaduka, monga momwe tayala la njinga limasiyira mapazi ake pa matope a mumseu nthaŵi ya dzinja.

Ntchito imeneyi inali yofuna luso ndi kudekha. Mmisiri, amene m'chinenero chao ankamutcha burgul, ankagoba zonse chozondoka, kumanja kukhala kumanzere, kuti pa dongo zioneke bwino, ndipo analibe makina, koma timipeni ndi choboolera chopota ndi uta. Popeza m'dzikomo munalibe miyala yabwino, yambiri inkachokera kutali. Mwala wobiriŵira ngati thambo wotchedwa lapis lazuli unkachokera ku mapiri a Badakhshan m'dziko la Afghanistan, ulendo wa makilomita oposa 2,000. Anthu wamba ankakhala ndi zidindo za miyala yofeŵa kapena za zigoba za nkhono za m'nyanja.

Zithunzi zake zidasintha ndi mibadwo. Zoyambirira zimaonetsa magulu a ng'ombe ndi nkhosa, amai akuumba mbiya kapena kuomba nsalu, ndi mtsogoleri akudyetsa ziŵeto za kachisi. Pambuyo pake kudabwera zithunzi za mikango ikulimbana ndi ngwazi, ndi za anthu ali paphwando. Pa nthaŵi ya mafumu otsiriza a ku Ur, pakati pa 2112 ndi 2004 Khristu asanabadwe, chithunzi chokondedwa chinali cha mwini chidindo atagwidwa padzanja ndi mulungu wamkazi amene akumuperekeza pamaso pa mulungu wamkulu kapena mfumu, monga mmene kwathu kuno munthu saloŵa yekha kwa mfumu yaikulu popanda nduna yomutsogolera. Pambali pa chithunzicho ankalemba dzina la mwini wake, dzina la bambo wake ndi ntchito yake.

Ubwino wa chidindo chogubuduza unali wakuti chinkakuta dongo lonse, ngakhale pamalo pobulungira, osasiya mpata woti wina aonjezepo kapena kufafanizapo kanthu.

Ntchito zake zitatu

Ntchito yoyamba inali kutseka katundu. Pakamwa pa mtsuko ankaphimbapo chikopa kapena nsalu, namanga ndi chingwe, namata dongo pa mfundo, nagubuduzapo chidindo. Chimodzimodzinso madengu ndi matumba. Pa chitseko cha nkhokwe ankakhoma chikhomo kukhoma, nakulunga chingwe cha chitseko pa chikhomocho, namatapo dongo. Dongo silingaletse mbala, pakuti ngakhale mwana angaliphwanye. Mphamvu yake inali yakuti linkaulula. Woyang'anira akafika m'maŵa n'kupeza dongo losweka, kapena chithunzi chachilendo, ankadziŵa kuti wina waloŵamo. Akapeza lili bwinobwino, chonsecho barele n'kupereŵera, mlandu unkagwera mwini chidindo chimene chili pakhomopo.

Ntchito yachiŵiri inali ya maŵerengero. Kulemba kusanayambe, munthu akatumiza nkhosa kapena mafuta ankaumba timiyala ta dongo toimira chiŵerengero cha katunduyo, natitsekera m'kampira ka dongo, nagubuduza chidindo kunja kwake. Wolandira ankaswa kampirako ndi kuŵerenga. Patapita mibadwo, cha m'ma 3200 Khristu asanabadwe, adayamba kulemba zizindikiro pa timapale ta dongo ndi kabango kosongola, ndipo uku ndiko kudali kubadwa kwa kulemba. Kotero chidindo ndi mkulu, kalata ndi mng'ono wake.

Ofukula zakale apeza mapale masauzande ambirimbiri a m'nthaŵi ya mafumu a ku Ur aja, ndipo munthu wa ku Makwasa akamva zolembedwamo angadabwe. Muli maina a antchito, masiku amene gulu lililonse lidagwira, dzina la kapitao wao, ndi phoso limene ankalandira. Kaŵirikaŵiri mwamuna ankalandira malita 60 a barele pamwezi, mkazi malita 30. Kapitao kapena mlembi amene walandira katundu ankagubuduza chidindo chake pa phalelo, ndipo pakutha pa chaka ngati ntchito ya gulu lake idapereŵera, inkalembedwa ngati ngongole yake.

Ntchito yachitatu, imene ili yaikulu koposa, inali ya mapangano: kugula munda kapena nyumba, kukongola siliva, ukwati, kulera mwana wa wina, kugaŵa chuma cha masiye. Mlembi akatha kulemba panganolo pamodzi ndi maina a mboni, nthaŵi zambiri ankalikuta ndi chikuto china cha dongo, nalembanso mau omwewo kunja, ndipo zidindo zinkagubuduzidwa pa chikutocho. Pakabuka mkangano, oweruza ankaswa chikuto ndi kuyerekeza mau a mkati ndi a kunja. Malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babulo, imene idalamulira kuyambira 1792 mpaka 1750 Khristu asanabadwe, adanenetsa kuti munthu wosungitsa chuma kwa mnzake popanda mboni ndi pangano lolemba, mnzakeyo akadzakana, alibe pokadandaula.

Apa pali mfundo yoti tiigwire bwino. Pa mapangano ameneŵa wodinda kaŵirikaŵiri anali uja amene akutaya kanthu kapena kusenza udindo: wogulitsa munda, wokongola, wolandira katundu. Wogula ndi wokongoza ankangosunga phalelo kunyumba. Chidindo sichimanga amene wakupatsa pepala. Chimamanga iwe amene wadinda.

Chidindo ndi mwini wake

Chifukwa cha ichi, anthu a ku Sumer ankaona chidindo ngati dzanja lao lenileni. Ankachivala usana ndi usiku, ena nakhulupirira kuti chimaŵateteza ku zoipa, ndipo akamwalira ambiri ankaikidwa nacho m'manda. Mngelezi wina wofukula zakale, Leonard Woolley, amene adakumba ku Ur kuyambira 1922 mpaka 1934, adapeza manda a mai wina wolemekezeka amene adaikidwa cha m'ma 2500 Khristu asanabadwe atavala golide ndi mikanda yamtengowapatali. Tikadangomutcha mai wosadziŵika, koma pafupi ndi mkono wake panali chidindo cha lapis lazuli chokhala ndi chithunzi cha phwando ndi dzina lake: Puabi. Pa chidindocho sipadalembedwe dzina la mwamuna wake. Lero chikusungidwa ku British Museum mu mzinda wa London, ndipo chikutiphunzitsa kuti amai naonso anali ndi zidindo zaozao.

Kutaya chidindo kunali tsoka lalikulu, pakuti wochitola akadatha kukongola kapena kutsekula nkhokwe m'dzina la mwini wake. Phale lina la ku Nippur, limene ana a sukulu ankalikopera pophunzira kulemba, limasimba za wamalonda wotchedwa Ur-dun amene chidindo chake chidatayika. Bwalo la akulu lidalamula kuti wolengeza ayende m'miseu yonse akuliza lipenga, kuti aliyense adziŵe, ndipo wina asadzabwere ndi mlandu wochokera pa chidindo chotayikacho.

Aŵerengi a Baibulo akumbukira nkhani ya Yuda ndi Tamara pa Genesis 38. Chikole chimene Tamara adapempha chinali chidindo, chingwe chake ndi ndodo, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti chinali chidindo chogubuduza chovala m'khosi. Pa tsiku la mlandu Tamara sadachulutse mau. Adangotulutsa zinthu zija, ndipo Yuda adasoŵa pokanira. Koma pa 1 Mafumu 21 tikuona mbali ina: Yezebeli adalemba makalata m'dzina la Ahabu, naŵadinda ndi chidindo cha mfumu, ndipo Naboti adaphedwa, munda wa makolo ake nulandidwa. Chidindo chinali chenicheni, koma mau amene chidatsimikiza anali abodza. Chidindo chimanena amene wadinda. Sichinena ngati zolembedwazo n'zachilungamo.

Zidindo zogubuduza zidagwira ntchito zaka pafupifupi 3,000. Zidayamba kutha pa nthaŵi ya ufumu wa Aperisi, pamene anthu adasiya dongo nayamba kulemba Chiaramu pa zikopa ndi pa gumbwa, pakuti pa kalata yopinda pamangofunika kadontho ka dongo kodindapo ndi mphete.

Chidindo cha wosauka

Nanga amene analibe ndalama zogulira kamwala? M'zaka za pambuyo pake, ku Babulo ndi ku Asuri, munthu wotere ankadinda chikhadabo chake pa dongo, ndipo mlembi ankalemba pambali kuti ichi ndi chikhadabo cha uje m'malo mwa chidindo chake. Ena ankadinda mpendero wa chovala chao. Chikhadabo cha munthu mmodzi sichisiyana kwenikweni ndi cha mnzake, choncho mphamvu yake inali pa mboni zimene zidaona iye akudinda.

Kuti mizere ya pa chala ndi yosiyana pa munthu aliyense, ndi kuti sisintha kuyambira ubwana mpaka ukalamba, zidatsimikizika posachedwapa. Mu 1858 William Herschel, wogwira ntchito ya boma la Angelezi ku India, adayamba kudinditsa anthu dzanja pa mapangano. Mu 1880 Henry Faulds, dokotala wa mishoni ya Chipresbateria wochokera ku Scotland amene ankagwira ntchito ku Tokyo, adalemba m'magazini ya Nature kuti mizere ya zala ingathe kuzindikiritsa munthu. Chimene chidamutsekula maso chinali mapazi a zala za oumba pa mapale a mbiya zakalekale za ku Japan. Dongo lomwelo lidaphunzitsanso anthu kachiŵiri. Kuchokera pamenepo chala chidafika m'mabuku a malipiro a m'minda ya tiyi, pa zitupa, ndi pa mapangano a amuna athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Mu 2017, pamene boma la Malaŵi lidalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, zala zomwezo ndizo zidajambulidwa ndi makina.

Timitanda ta mafumu

Ife a ku Thyolo tili ndi chifukwa chapadera choganizira zimenezi, pakuti nthaka imene tiyi wameraponso ili ndi mbiri ya chidindo. M'zaka za m'ma 1880 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1890, Azungu amalonda ndi alimi adayenda kwa mafumu a m'mapiri a Shire ndi mapepala olembedwa m'Chingelezi. Ankapereka nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, ndipo mfumu inkajambula kamtanda pansi pa pepala. Mwa mwambo wa makolo, mfumu imapatsa mlendo malo oti alime ndi kumangapo, koma nthaka imakhalabe ya mudzi ndi ya ana osabadwa. Pepala lija linkanena zina: linkati malo agulitsidwa mpaka muyaya.

Harry Johnston, amene adafika mu 1891 kudzakhazikitsa boma la Angelezi, adayamba mu 1892 kufufuza mapepala ameneŵa, napereka zikalata za boma zotsimikiza umwini kwa amene iye adaŵavomereza. Munthu mmodzi yekha, Eugene Sharrer, adatsimikiziridwa maekala oposa 360,000, ndipo mu 1902 malo akewo adapita m'manja mwa British Central Africa Company, imene idakhala ndi malo ambiri m'boma lino. M'zikalata zambiri munali mau oteteza midzi ndi minda imene inalipo kale kuti isasunthidwe. Koma eni midziyo sadapatsidwe pepala lao, ndipo ambiri sadadziŵe n'komwe kuti mau otere alipo. Mudzi ukasamuka kufuna nthaka yatsopano, chitetezo chija chinkatayika. Abale athu Alomwe amene adaoloka malire kuchokera ku Mozambique pambuyo pake sadaŵerengedwemo. Umu ndimo thangata, amene kale anali kuthandizana kwa pamudzi, adasandukira ntchito yolipirira malo okhala. Mkwiyo wake udaphulika mu Ogasiti 1953, pamene chipolowe chidayambira kuno ku Thyolo ndi kufalikira m'maboma oyandikana nafe, anthu 11 naphedwa. Thangata adathetsedwa ndi lamulo mu 1962, patapita zaka 70 chiyambire zikalata zija.

Tikayerekeza ndi pangano la ku Ur, tikuona chimene chidasoŵa. Kumene kuja panganolo linkalembedwa m'chinenero cha m'dzikomo, mboni zinali anthu a mumzinda omwewo otchulidwa maina ao ndi a atate ao, ndipo pa mlandu chikuto chinkaswedwa pamaso pa oweruza. Sitikunena kuti ku Sumer kunalibe kuponderezana, pakuti mapale omwewo amasimbanso za makolo amene adagulitsa ana ao chifukwa cha ngongole, chidindo chili pomwepo. Koma pa timitanda ta mafumu athu, wolemba pepala, womasulira ndi wosunga pepala onse anali a mbali imodzi. Mlandu suola: mpaka lero kuchepa kwa malo olima ndi nkhani imene imamveka pa maliro ndi pa mabwalo a mafumu m'boma lino.

Tisanadinde

Mapepala sadathe. Amabwera ndi wokongoza ndalama za katapila, ndi wogula kamunda ka m'mphepete mwa mseu, ndi wachibale amene akufuna womuimira pa ngongole, ndiponso ndi abale a malemu amene amafika kwa mai wamasiye maliro asanazizire. Tsono tiyeni titengepo nzeru pa anthu akale aja.

Choyamba, tisadinde kapena kusaina pepala limene sitidalimve. Ngati lili m'Chingelezi, kapena maso atopa, tiitane mwana wathu wa kusukulu, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo, munthu amene ife tasankha, osati amene wabwera ndi mwini pepala. Kupempha kuti atiŵerengere si manyazi. Akulu adati safunsa adadya phula. Munthu amene akutifulumiza kuti tidinde lero lomwe, dzuŵa lisanaloŵe, ameneyo ndiye woyenera kumuchedwetsa.

Chachiŵiri, tisadinde pa pepala lopanda kanthu kapena losiyidwa mipata yoti adzalembemo pambuyo. Mlembi wa ku Ur ankakuta dongo lonse ndi chidindo kuti pasatsale malo oonjezera. Ifenso tione kuti chiŵerengero cha ndalama, tsiku lobweza ndi malire a munda zalembedwa tisanaike chala.

Chachitatu, pakhale mboni za mbali zonse ziŵiri, ndipo pa nkhani ya malo mfumu ndi eni mbumba adziŵe. Pepala likhale paŵiri, lina tisunge ife eni, m'malo mosafika chiswe ndi mvula.

Chachinai, tisunge chidindo chathu monga ankasungira anthu a ku Sumer. Chiphaso cha unzika ndi nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money ndizo kamwala kathu ka m'khosi masiku ano. Sitibwereketsa, sitisiya chikole kwa wokongoza, ndipo zikatayika tikanene msanga ku polisi ndi ku ofesi yoyenera, monga wamalonda uja wa ku Nippur adalizitsa lipenga.

Potsiriza, mau kwa inu amene mumasunga chidindo cha ofesi: mafumu, akalaliki, aphunzitsi aakulu, alembi a mipingo ndi a magulu a ngongole. Anthu amakhulupirira chidindo chifukwa amakhulupirira dzanja limene lachigwira. Gogo akatambasula chala chake kuti mumupake inki, wakupatsani munda wake, malipiro ake ndi dzina lake. Muŵerengereni mau onse, pang'onopang'ono, m'chinenero chimene amamva, ndipo mumufunse ngati wavomera. Mapale a ku Ur atha zaka 4,000 m'nthaka ndipo maina a alembi ake akuŵerengedwabe, pamodzi ndi zimene adatsimikiza. Zimene ife tikudinda lero adzaziŵerenga adzukulu athu.